Musaletse masitepe a pikapu, letsani kawotcheredwe koipa

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko pa nkhani yomwe anthu akukangana kuno ku Angónia masiku ano, ya masitepe omwe eni mapikapu akale akumaika kumbuyo mmalo mwa bampala. Pali ena akuti apolisi apamsewu angowagwetsa onse basi, pikapu iliyonse ibwerere mmene inachokera ku fakitale. Ine ndikukana. Ndimayendetsa Hilux yakale ya dizilo, zija za masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndimanyamula mbatatesi, chimanga, feteleza ndi anthu omwe pakati pa Ulongwe, Domwe ndi Calomue, nthawi zina mpaka ku Tete ku msika wa Kwachena, nde ndikamanena za sitepe ndikunena chitsulo chomwe ndimachiponda tsiku ndi tsiku.

Amene akuti masitepe achoke ndikukayika ngati anakwerako kumbuyo kwa pikapu ya folowilo. Bodi yake imafika mchiuno mwa munthu wamkulu, ina mpaka kupitirira poti eni ake anaonjezera masipuling'i. Tsono taganizani mayi wabereka mwana, wavala chitenje, mmanja muli dengu la tomato, mukuti akwere bwanji? Popanda sitepe amaponda pa tayala, tayalalo lili ndi matope, kapena kondakitala azimukoka mkono uku wina akukankha kumbuyo, zochititsa manyazi zedi makamaka apongozi akakhala ali pompo. Agogo opita kuchipatala ku Vila Ulongwe ndiye timachita kuwanyamula. Anyamata opakira matumba a makilo 50 nawonso amafuna poponda, apo ayi msana sukhalitsa. Paja magalimoto amenewa ambiri anabwera opanda bampala kumbuyo, ena anabwera ndi kabampala kopyapyala konyezimira kongokongoletsa, kosati munthu nkupondapo. Nde amene anayamba kuika sitepe sanalakwe ayi, anaona vuto nkulikonza.

Chomwe chalakwika nchakuti sitepe ija yakula mopyola. Inayamba ili poponda phazi limodzi, lero ukaima pa siteji tsiku la msika uona masitepe otuluka theka la mita, ena kupitirira, pamenepo paima anyamata anayi atagwira zitsulo za mmbali, pambali pawo pamangidwa chigubu cha mafuta, thumba la makala ndi njinga yakapalasa. Chifukwa chake ndikuchidziwa, sindikuchita kumva kwa munthu. Dizilo ndi wodula, misewu yathu imadya matayala, ndipo aliyense woima pa sitepe ndi ndalama yolowa mthumba. Komanso kumidzi kwina galimoto imadutsa imodzi pa tsiku, ukamusiya munthu ndiye kuti agona panjira, amachita kukupempha yekha kuti achimwene ndingoima pambuyopa. Zonsezo nzoona. Koma galimoto siimva chisoni, imangomva kulemera ndi pomwe kulemerako kwakhala.

Ife a kuno tinakulira pa ngolo, ndiye izi siziyenera kutivuta. Ukasanjika matumba kumchira kwa ngolo, mtanda umadzuka, goli nkumakoka ng'ombe mmakosi chokweza, mwana wazaka 10 amadziwa kuti katundu akhale pamwamba pa matayala. Pikapu ndi chimodzimodzi. Tiyeni tiwerenge pang'ono. Pa Hilux ya bodi yaitali, kuchoka pa matayala akutsogolo kufika akumbuyo pali pafupifupi mamita 3. Sitepe yotalikitsidwa ija imakhala ngati mita imodzi ndi theka kuseri kwa ekiselo yakumbuyo. Muimikepo anthu anayi, aliyense makilo 65, ndi makilo 260 amenewo. Poti ali kuseri kwa ekiselo, amadzutsa kutsogolo ndi makilo 130, ndipo ekiselo yakumbuyo imasenza makilo 390, anthu anayi okha, tisanawerenge mbatatesi zomwe zadzadza kale mbodi. Nde chiwongolero chimapepuka, ukakhota galimoto imafuna kupitirira, pa matope a ku Tsangano kapena njira ya ku Furancungo nthawi ya dzinja matayala akutsogolo amangoseleleka olo utaika folowilo. Usiku magetsi amaloza mmitengo nkumathobwa anzako obwera kutsogolo. Potsika mapiri kulowera ku Mussacama ndi pomwe umazindikira bwino, chifukwa mabuleki amphamvu ali kutsogolo ndipo kutsogoloko ndi komwe wachotsako kulemera. Mukaona pikapu yopindika msana, bodi ndi kebini zatalikirana pamwamba, kapena sipuling'i yaikulu ikuthyoka mwezi ndi mwezi, musamangonamizira msewu, kayang'aneni kumchira. Ka Nissan 1400 ndiye kosayamba nkomwe, kaja anakapanga kuchokera ku kagalimoto kakang'ono ka anthu, katundu wake ndi theka la tani basi, koma ndinakaonapo katavekedwa sitepe yoyenera lole.

Tsono sitepe yabwino ndi yotani? Kwa ine masentimita 15 mpaka 20 ndi okwana, phazi lipondepo munthu akwere, koma asaganize zoimapo ulendo wonse. Ndipo nkhani yaikulu si kukula kokha, ndi pomwe yagwira. Pali owotcherera ena amangoilumikiza ku bodi, pa lata la pansi pa chitseko chakumbuyo, chifukwa mpofikirika sakufuna kugona pansi pa galimoto. Latalo ndi lopyapyala, pa galimoto ya zaka 30 linadyeka kale ndi dzimbiri ndi feteleza wotayikira, ndiye sitepe imaoneka yolimba tsiku loyamba, pakapita miyezi imayamba kuwerama, tsiku lina pa bampu imang'ambika ndi munthu ali pomwepo. Bampala imagwira ku chasisi, osati kwina. Ena anamva zimenezo koma nkulakwitsa mbali ina, amawotcherera mabulaketi ku chasisi kwenikweniko, mzere wopingasa pamwamba ndi pansi pomwe. Chasisi imagwira ntchito mopindika pang'ono pang'ono galimoto ikamayenda, pamwamba ndi pansi mpomwe pamakokeka kwambiri, ndiye ukadutsitsapo moto chitsulo cha mmbali mwa chowotchereracho chimasintha, mng'alu umayambira pomwepo. Siuoneka msanga chifukwa pamakhala fumbi ndi penti, umadzaoneka utafika kale pakati.

Njira yake ndi mabawuti. Ukagwada nkuyang'ana kumapeto kwa chasisi upeza mabowo omwe a fakitale anasiya kale, mwina atsekeka ndi dothi koma alipo, gwiritsani ntchito amenewo. Bulaketi ikhale ya chitsulo chafulati cha mamilimita 6 kapena 8, igone mmbali mwa chasisi kotalika ndithu, osati kungogwira kunsonga, mbali iliyonse mabawuti awiri kapena atatu a mamilimita 12. Ndipo bawuti muziyiwerenga pamutu. Yolembedwa 8.8 ndiye yake, zolembedwa 4.6 kapena 4.8 kapena zosalembedwa kanthu zija timagula pa msika nzomangira mageti ndi mawilibala, zimatamuka kenako nkuduka. Nati ikhale ya pulasitiki mkati ija yosamasuka yokha, kapena muike washala ya sipuling'i, chifukwa misewu yathu imamasula chilichonse. China chomwe ambiri sadziwa, chasisi ya Hilux ndi ya bokosi, mkati ndi mphako, ndiye ngati bawuti ikudutsa mbali zonse ziwiri muyenera kulowetsa kapaipi mkatimo kuti bawuti idutse mmenemo, apo ayi mukamamanga mukufinya chasisi, imaphwanyika pang'ono, mawa bawuti yayamba kugwedera inu nkumadabwa kuti mesa ndinamanga ndi mphamvu zonse.

Za chitsulo chopangira sitepeyo ndiye pali mpikisano wachabechabe, aliyense akufuna yake ikhale yolemera kuposa ya mnzake, ati wondigunda kumbuyo aone zakuda. Mpaka ena amasaka chidutswa cha njanji. Choyamba njanji ili ndi eni ake, ya ku Moatize ija si yotola, ukapezeka nayo ndi mlandu. Chachiwiri mita imodzi ya njanji imalemera makilo 40 kapena kupitirira, bampala ya mita imodzi ndi theka ndiye kuti wakweza munthu wamkulu kumchira amene satsika ndipo salipira. Chachitatu, chitsulo chosapindika sichiteteza galimoto ayi. Bampala yopindikako ikagundidwa imamwa mphamvu ija, ukaichotsa nkuiwongola nkhani yatha, koma ya njanji imangopatsira mphamvu yonse ku chasisi, chasisi nkupindika, galimoto nkumayenda chammbali moyo wake wonse ikudya matayala. Nanga wa njinga yamoto amene wachedwa kugwira buleki kumbuyo kwako? Masiku ano njinga zamoto zadzadza paliponse, zambiri zanyamula anthu awiri atatu, bondo la munthu likakumana ndi nsonga ya njanji kapena ya engo ayoni yosadulidwa bwino palibenso za chipatala cha pafupi. Chitsulo cha bokosi cha mamilimita 100 kwa 50, chochindikala mamilimita 3, nchokwana, mita imodzi siifika nkomwe makilo 7. Pamwamba pake lata la timizere totupa lija la mamilimita 3 kuti phazi lonyowa lisaterereke, nsonga zonse zitsekedwe nkuzunguliza ndi girayinda, ndipo isatuluke kupyola mulifupi mwa bodi. Yonse pamodzi ndi mabulaketi isapyole makilo 30, anthu awiri aziinyamula osabuula. Paipi yachitsulo ya madzi yoyera ija isiyeni, ikamawotchedwa imatulutsa utsi woyera womwe umadwalitsa wowotchererayo, usiku amagona ndi mutu ndi kuzizidwa nkumati ndi malungo.

Pali bambo wina wowotcherera kuno, wachikulire, amene ndimakonda kagwiridwe kake ka ntchito, ndipo achinyamata akanamaonera kwa iye. Ukapita ndi galimoto sayatsa makina tsiku lomwelo. Amayamba watsitsa chitseko chakumbuyo mpaka pansi kuti aone pomwe chikufika, chifukwa sitepe ikakwera kwambiri chitseko chimagunda nkubonyoka. Kenako amatenga chitsulo chotsitsira sipeya nkuchilowetsa pa bowo lake, paja pa Hilux tayala la sipeya limakhala pansi pa bodi ndipo umalitsitsa popukusa kudzera pa kabowo ka kumbuyo, ndiye alipo ambiri anatseka kabowo kameneka ndi bampala yatsopano nkudzazindikira tayala litaphulika pakati pa tchire. Akatero amadula katoni, nkuyesa bulaketi ya katoniyo ku chasisi, kulemba mabowo ndi choko, kenako mpomwe amagwira chitsulo. Amangodonthezera moto pang'ono pang'ono kuti zigwirane, kukayesa pa galimoto, kuchotsanso, nkukamalizira pa benchi kutali ndi thanki. Pomaliza amatenga chingwe, nkuchikoka kuchoka pansi pa tayala lakumbuyo kufika pansi pa sitepe, amati chingwechi chikagona kwambiri ndiye kuti potuluka pa mtsinje kapena pa chigwembe mchira ukhula pansi. Ndipo nzoona, njira za kumunda kokatenga mbatatesi sitepe yotsika imakola, galimoto nkutsakamira matayala akumbuyo akuzungulira mmalere. Pansi pa bokosi amaboola timabowo tiwiri totulutsira madzi, nkupaka penti yofiira yoletsa dzimbiri asanapake yakuda. Amadula kuposa anzake, eya, ndipo amachedwa moti umatopa naye, koma ntchito yake sibwerera.

Nambala puleti ndi magetsi ndiye pomwe apolisi ali ndi mfundo, apa sindingawatsutse. Sitepe zambiri zimabisa nambala, kapena nambala imamangidwa ndi waya penapake yopanda kagetsi kake, ndipo anthu oima kumbuyo aja ndi matumba omangidwa aja amatseka magetsi a buleki ndi ma indiketa. Tsono taganizani uli pa msewu waukulu wa N7 madzulo, kumbuyo kwako kuli thiraki yopita ku Zóbuè yalemedwa, iwe waima mwadzidzidzi kuti utsitse munthu, dalaivala wa thirakiyo sanaone getsi lofiira lililonse. Oyamba kuphwanyidwa ndi omwe aima pa sitepe. Popanga sitepe siyani malo a nambala pakati, olowa mkati pang'ono kuti isamapondedwe, kagetsi kake kalumikizidwe bwinobwino waya wake adutse mu kapaipi osati kulendewera, ndipo mumate zonyezimira zofiira kunsonga zonse ziwiri. Ekizozi nayo muione, isamaphulikire mkati mwa bampala kapena kuloza chokweza, utsi wa dizilo umabwerera mbodi ana nkumasanza inu nkumati ndi msewu.

Ndinenekonso za kukoka, chifukwa apa mpomwe pali imfa yomwe anthu saiganizira. Ambiri akapanga sitepe amaboola pakati nkuikapo kampira kachitsulo kokokera ngolo, kenako galimoto ya mnzawo ikatitimira mmatope amakolekapo chingwe kapena tcheni, kubwerera mmbuyo pang'ono nkuthamanga kuti atsomphole. Kampira kaja ndi ka mamilimita 50, anakapangira kukoka ngolo moyenda bwinobwino, osati kutsomphola. Kakaduka, kapena lata lomwe kamangidwapo likang'ambika, kamauluka ndi mphamvu yonse ya chingwe kulunjika pa galasi la galimoto yomwe ikukokedwayo, pomwe pakhala dalaivala, ndipo mmbali mumakhala mutadzadza ana oonerera. Chakudza sichiimba ng'oma abale. Ngati mukufuna kumakoka, chokokera chikhale ndi mtanda wakewake womangidwa ku chasisi mbali zonse ziwiri, sitepe ikhale sitepe. Ndipo pokoka galimoto yotitimira yambani mwakumba ndi khasu, tsitsani katundu, anthu atalikire, kukoka kuzibwera pomaliza.

Kwa owotcherera, ngati pali pena pofunika kuwotcha chitsulo chili pa galimoto, chotsani kaye waya wa batire, ndipo waya wa efu mumugwiritse pafupi ndi pomwe mukuwotchapo, osati kutsogolo inu mukuwotcha kumbuyo, moto umadutsa mma bering'i ndi mmawaya nkupsereza alitaneta. Yang'anani komwe kuli thanki ndi mapaipi a mafuta ndi a buleki, Hilux zina ndi za petulo si zonse za dizilo. Ndodo zowotcherera za 6013 zomwe aliyense amagwiritsa zilibe vuto pa sitepe, koma pa mabulaketi amene ali ndi makina otha 7018 agwiritse imeneyo, yosungidwa pouma. Ndipo magalasi a dzuwa si chigoba chowotcherera, anyamata inu maso mudzawafuna.

Chinanso chomwe chimandiwawa, mwina ena aziona ngati zazing'ono. Magalimoto amenewa akutha. Hilux inayamba kupangidwa mu 1968, Land Cruiser za mtundu wa 70 zija zinayamba mu 1984, Nissan 1400 anasiya kuipanga ku South Africa mu 2008, Peugeot 404 ya pikapu yomwe makolo athu ankanyamulira chimanga ndiye kuiona pamsewu lero ndi mwayi, chimodzimodzi Toyota Stout. Nkhondo itatha mu 1992 anthu pobwerera kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu ndi magalimoto a mtundu umenewu omwe anatsegulanso misika yathu. Lero alipo anthu mmatauni, ku Tete konko, ku Lilongwe, ku Joni, omwe amasaka magalimoto akalewa kuti awakonze abwerere mwakale, ndipo choyamba chomwe amagwada nkuyang'ana ndi chasisi. Akapeza yawotchedwawotchedwa mtengo umagwa pompo. Ya mabawuti umangomasula, theka la ola galimoto yabwerera mmene inalili. Nde amene pikapu yanu ikadali ndi bampala yake yoyambirira, olo itapindika olo itachita dzimbiri, mukaichotsa musaipereke kwa anyamata ogula zitsulo zakale pa kilo aja, ipakeni oyilo wakutha muikweze kudenga pamodzi ndi mabulaketi ake ndi mabawuti ake. Ndalama yomwe angakupatseni pa kilo ndi yochepa zedi, pomwe kuipezanso ina yotero simudzaipeza.

Pempho langa kwa apolisi apamsewu ndi a INATRO, bungwe la boma loona za magalimoto apamsewu, ndi lakuti mmalo molankhula zoletsa, atiuze muyezo womveka, woti wowotcherera wa ku Domwe kapena ku Furancungo atha kuulemba ndi choko pakhoma la shedi yake: sitepe ituluke masentimita angati, igwire pati, nambala ndi magetsi zioneke bwanji. Aulengeze pa wailesi za mmadera mChichewa, osati mChipwitikizi chokha. Pa rodibuloko mmene amafunsira matirayango awiri ndi kolete, kajekete konyezimira kaja, agwadeko aone ngati sitepe ili ya mabawuti kapena yongomata ku lata, ndipo wopezeka atakweza anthu pa sitepe galimoto ikuyenda ameneyo alipire chindapusa, ine sindidzamuikira kumbuyo olo atakhala mnzanga wa pa siteji. Koma wa sitepe yaifupi yomangidwa bwino asiyidwe, chifukwa mukaigwetsa mawa lomwelo amayi ayambanso kukwerera pa tayala.

Ndipo eni magalimoto anzanga, sabata ino musanapakire mbatatesi tengani sipanala mugone pansi muyese mabawuti a bampala imodziimodzi, mupukute fumbi pa chasisi pomwe bulaketi yathera muone ngati palibe kamzere ka dzimbiri kopingasa. Kakakhalapo galimoto isanyamuke, ipite kaye ku galaja.

Ine wanu,
Dalaivala wa pikapu,
Vila Ulongwe, Angónia